Chenjezo kwa aphunzitsi a sekondale amene akunyalanyaza ana aulumali

Aphunzitsi a m'sukulu za sekondale muno mu Mzuzu, ndikulankhula nanu monga kholo, chifukwa khalidwe limene ena mwa inu mukuonetsa kwa ophunzira aulumali lafika pochititsa manyazi. Mwana aliyense amene wakhala pa desiki ya fomu 1 analemba mayeso a sitandade 8 monga anzake, nakhoza, nasankhidwa. Ena anachokera ku sukulu ya osamva ya Embangweni, ena ku sukulu ya osaona ya Ekwendeni, kumene analeredwa moleza mtima zaka zambiri. Nanga inu mphamvu zonena kuti "uyu si wanga, ndi wa mphunzitsi wapadera uja" mukuzitenga kuti?

Chimene chikugwetsa anawa ndi mphwayi zanu za tsiku ndi tsiku. Mphunzitsi amafotokoza phunziro nkhope ili ku bolodi, pamene mtsikana wovutika kumva akudikira kuona milomo yake, ndipo belu likamalira amakhala asanatolepo kanthu. Wina amaloza chojambula ndi choko n'kumati "ichi chikalowa apa chimatulukira apo", osatchula dzina la chinthucho, ngati kuti mnyamata wosaona achiona chalacho. Mwana wachialubino, amene maso ake saona bwino patali, mumamusiya pa mzere wakumbuyo, chonsecho mukudziwa mmene m'kalasi mumachitira mdima kuno kukagwa mvula yathu ija. Akapempha kuti mubwereze, mumamuyankha kuti silabasi ndi yaitali, ndipo anzake akaseka inu mumangokhala chete. Kukhala chete kumeneko ndiko kumandiwawa kwambiri, pakuti ana amatengera kwa wamkulu amene waima kutsogolo. Kodi mwaiwala kuti lungalunga n'kubadwa, chilema chichita kudza?

Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino 134,636 m'dziko muno, ndipo amenewo ndi gulu limodzi chabe. Dziko lino linakhazikitsa lamulo loteteza anthu aulumali mu 2012, ndipo mu 2017 Unduna wa Zamaphunziro unatulutsa ndondomeko yoti ana onse aziphunzirira pamodzi. Bungwe la MANEB limakonza mapepala a Braille, zilembo zimene osaona amawerenga ndi zala, ndi a zilembo zikuluzikulu pa mayeso a MSCE. Ngati likutero, n'chifukwa chiyani mayeso anu a pa teremu amafika osakonzedwa, mwana n'kumakhala manja lende anzake akulemba?

N'zoona kuti makalasi ndi odzaza, ndipo aphunzitsi apadera ochokera ku koleji ya Montfort ku Nguludi sakukwanira. Komabe kusunthira desiki kutsogolo, kuwerenga mokweza zimene mwalemba, ndi kupereka manotsi msanga kwa mphunzitsi wa Braille sikufuna dipuloma.

Inu aphunzitsi aakulu, muzilowa m'makalasi n'kuona pamene anawa akhala. Nanunso makolo, mwana akadandaula musamuuze kuti apirire. Kafunseni ku ofesi, ndipo akapanda kukumverani, nkhaniyo mukaitule pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi.