Chenjezo kwa inu opita ku Enchanted Rock mutavala mapatapata

Ana anga a kuno ku Texas, makamaka inu a ku Austin ndi San Antonio amene mwayamba kukonda zopita ku Enchanted Rock, chithanthwe chachikulu cha granite chija, Loweruka, khalani pansi mundimve. Sabata yatha ndinapita nanu ndipo zomwe ndinaona kumeneko mpaka lero mutu ukundiwawabe.

Mtsikana wina, dzina sinditchula poti makolo ake ndi anzanga, anatsika mgalimoto atavala mapatapata, m'manja kabotolo kamodzi ka Fanta basi, ine kumufunsa madzi ali kuti akuti aaa ankolo musadandaule ine ku Mulanje ndinakwerako, aka ndi kachulu chabe. Eee! Inde Sapitwa ndi mamita 3,002 pomwe thanthwe ili langotumphuka mamita ngati 130 kuchoka pansi, palibe akutsutsa. Koma ku Mulanje unali ndi gayidi, mapotala atakusenzera chikwama, timitsinje tozizira ponseponse ukungowerama nkumwa. Kuno kulibe zimenezo mwana wanga. Loop Trail ija yozungulira thanthwelo ndi mamailosi 4.6, kunena kwathu makilomita 7 ndi kanthu, ndipo njira yonseyo mpopi mulibe, madzi umatungiratu kumunsi komwe timasiya magalimoto, ukangonyamuka basi zako zimenezo.

Ndiye inu mwadzuka mochedwa monga mwa nthawi zonse, tagwirizana 7 koloko mwafika 11 koloko, mwezi wa Ogasiti dzuwa lili paliwombo, kutentha kopitirira madigiri 38, mwala wa granite uja wamwa moto kuyambira m'mawa ukukuwotchani kuchokera pansi dzuwa likuwotcha kumwamba. Mthunzi ndi wa apo ndi apo. A mtundu wa Tonkawa, eni nthaka a kuno, kalekale ankamva thanthwe limeneli likubuula usiku nkumati muli mizimu, chonsecho ndi mwala ukuzizira nkumakhwinyata utapsa tsiku lonse. Mwala weniweni kudandaula nalo dzuwalo, inu ndi ndani?

Njira yozungulira ili ndi msampha wake umene simuuganizira. Mukafika pakati, kubwerera ndi kupitirira mtunda ndi umodzimodzi. Mtsikana uja mphamvu zinamuthera cha ku Moss Lake, kuseri kwenikweni kwa thanthwe, milomo gwa, chizungulire, akulankhula zosamveka, patapata limodzi linali litaduka kale. Tinamukhazika pansi pa kamtengo, nkumumwetsa madzi anga pang'onopang'ono, ena kumuthira kumutu, kenako tinadulira ku Echo Canyon pakati pa Enchanted Rock ndi thanthwe linzake la Little Rock, komwenso ndi miyala yokhayokha yofuna manja ndi miyendo, munthu wazaka zanga kumakoka mwana wa eni ngati thumba la chimanga. Nthawi yonseyo anzake awiri ali kalikiliki kujambula vidiyo ya pa TikTok. Manyazi mulibe?

Za galu ndisayambe nkomwe. Lamulo lake amalola agalu pa Loop Trail koma osati kukwera nawo pamwamba, wina anamva theka lokha nkubwera naye masanasana, kanyama kakudumphadumpha mapazi akupsa iye akuti kakusangalala. Ika dzanja lako pamwalapo, ukalephera kupirira dziwa kuti galunso sangathe.

Ndipo inu anyamata amene munapatuka kukakwera pamwamba, timaenje tija ta pathanthwe momwe mumakhala madzi mvula ikagwa si malo oimapo pojambula selfie. Muli tizilombo tating'onoting'ono totchedwa fairy shrimp, mazira ake amakhala mufumbi lomwelo ngakhale pouma kudikira mvula, inu ndi nsapato zanu pwatapwata. Malo amenewa anagulidwa mu 1978 kuti asungidwe, mayi Lady Bird Johnson, mkazi wa pulezidenti wakale wa America, ataikapo mawu, anthu a kuno amawalemekeza, ife alendo ndiye tikhale oyamba kukalipiridwa ndi ma ranger olondera malowa? Komanso zopisa manja m'ming'alu ya miyala musiye, kuno kuli njoka za rattlesnake, si abuluzi a ku Ndirande ayi.

Ulendo wina tikukonza wa Novembala kukayamba kuzizira. Malo tibukiratu pa intaneti chifukwa Loweruka kumadzaza amabweza anthu pageti. Tinyamuka mbandakucha, aliyense nsapato zomanga zingwe, chipewa, ndi madzi lita imodzi pa ola lililonse loyenda, ndiye kuti malita atatu osachepera, Fanta sindiwerengera. Kukagwa mvula pamwamba sitikwera, granite yonyowa imaterera ngati therere ndipo eni ake amatseka njira ya pamwambayo. Zikwama ndidzayendera ndekha tisananyamuke, wobwera ndi mapatapata adzatsala pa parking kulondera ma cooler box.