Malo osonkhapo moto m'nyumba zakale za ku France ndi ku England

Mayiko a France ndi England anangolekanitsidwa ndi kanyanja kopapatiza, koma amisiri awo sankaona zinthu mofanana pomanga malo osonkhapo moto m'nyumba zikuluzikulu za kumidzi.

Ku France malo amenewa ankatamanda mfumu. M'nyumba yachifumu ya Blois, pamwamba pa moto pali nungu wosema, chizindikiro cha Louis XII, ndiponso salamander, kanyama konga buluzi kamene François I anakasankha poti anthu ankati sikapsa pamoto, ngakhale kuti utoto wowala umene alendo amausirira lero ndi wa m'zaka za m'ma 1800, pamene Félix Duban ankakonzanso nyumbayo. Nyumba ya Chambord, imene anayamba kuimanga mu 1519, ili ndi malo a moto 282, komabe zipinda zake zazitali zinkavuta kutenthetsa, ndipo mwini wake, François I, anagonamo masabata ochepa chabe. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600 Afalansa anafupikitsa malowa, n'kuwazinga ndi mwala wa nsangalabwi, pamwamba pake n'kuikapo kalilole wamkulu kuti kuwala kwa makandulo kuchuluke.

Ku England nako kudzionetsera kunalipo, koma kawirikawiri wotamandidwa linali banja la mwini nyumba. Ku Hardwick Hall, imene mayi wamasiye wolemera Bess of Hardwick anamanga pakati pa 1590 ndi 1597, agwape awiri oumbidwa ndi pulasitala agwirizira chizindikiro cha banja lake pamwamba pa moto wa m'chipinda cholowera. Chimene chinasintha zinthu kwambiri ndi malasha. Afalansa anapitiriza kudalira nkhuni, zimene zimafuna malo otakasuka oikapo zipika, pamene Angerezi anazolowera msanga malasha, amene amayaka bwino akaunjikidwa pa kachitsulo kokwezeka, ndipo utsi wake wotsamwitsa sulola chumuni cha kukamwa kwakukulu.

Pa kukongola ine ndimakondera Afalansa, koma munthu wakongwa angayamike Angerezi. Mu 1796, ku London, Count Rumford anafalitsa njira yomangira malo osalowa kwambiri m'khoma, a m'mbali mopendekeka ndi khosi lopanikiza, kuti kutentha kubwerere m'chipinda, utsi uzikwera bwino, ndipo eni nyumba ambiri anaitana amisiri kudzachepetsa malo awo akale ndi njerwa. Rumford ameneyu sanali mbadwa ya ku England, chifukwa anabadwira ku Massachusetts, ku America, ndipo anakamwalirira kufupi ndi Paris mu 1814.