Agogo anga sanapenge, ankangopempha madzi

Abale anga a Chinyanja muno mu Harare, nkhani iyi ndakhala nayo mumtima miyezi ingapo, lero ndati ndingoilemba basi chifukwa ndikudziwa kuti sindili ndekha amene ndadutsa momwemu.

Agogo anga aamuna, bambo awo a bambo anga, anachoka ku Dedza ali mnyamata nthawi ya Chitaganya ija, anakwera malole a ulere ngati anzawo ambiri, kuyamba pa famu ya fodya kenako anapeza ya ukhukhi kwa mzungu wina ku Highlands nde nkudzakhala ku Mabvuku mpaka lero. Chishona achiyankhula zaka zoposa 60, ife adzukulu ankatikalipira m'Chishona momwemo, Chichewa chinali cha kutchalitchi, cha pamaliro ndi akakumana ndi madala anzawo pa bawo.

Mu June kukuzizira kuja anadzuka usiku kuti apite kutoileti, magetsi kunalibe, anapunthwa pa sitepe nkugwa, fupa la m'chiuno kuthyoka. Tinawagoneka pachipatala china muno mtauni. Tsiku lachitatu ndikulowa nthawi yoona odwala ndinapeza manja onse awiri awamanga ndi bandeji kuzitsulo za bedi. Kanesi kamene kanali pa duty, mwana waulemu wake ndithu, kanandiuza kuti sekuru mutu wasokonezeka, usiku onse amalimbana zotsika pabedi komanso akumangobwebweta zosamveka. Ndinawerama kuika khutu pakamwa pawo. Akuti m'Chichewa, "mwanawe, ludzu, ludzu landipha, ndipatseko madzi." Milomo inali itang'ambikang'ambika, lilime louma gwa. Kapu ya madzi inalipo yodzadza bwinobwino koma pa loka, mbali imene munthu wothyoka chiuno sangatembenukire olo atamasulidwa manja. Mbale ya nsima ili pompo yosakhudza, chifukwa mano awo oikirira anatsala kunyumba mkapu pawindo, ine sindinaganize ndipo palibe anafunsa ngati mkuluyu amatha kutafuna.

Nanga zotsika pabedi usiku zija? Ankanena kuti ndikufuna kukodza. Inu mukudziwa kuti m'Chishona kukodza ndi kunenepetsa ng'ombe kapena nkhumba, nde mwana wa eni ake akanamva chani pamenepo. Anali atawaveka pampasi, munthu amene moyo wake onse sanadziipitsirepo, wamanyazi, woti olo malaya savula pamaso pa apongozi ake, iwo ankangofuna akafike kutoileti ngati munthu wamkulu. Ndinalira pamenepo ndikuwamwetsa ndi supuni.

Amene anatipulumutsa ndi asisita ena achikulire amene analowa usiku wake, anakulira mu komboni ya pa mgodi, amayi awo anali a ku Ntcheu. Anangofika pabedi nkugwira dzanja, "Agogo, mwaswera bwanji? Chikupweteka nchani?" Abale nkhope ya agogo inasintha nthawi yomweyo, anayankha bwinobwino kuti pamchombo pakuwotcha, pokodza pakupweteka. Asisita aja anamasula mabandeji, anauza adokotala, mkodzo unayezedwa nkupezeka kuti muli matenda, anawaika drip ndi ma antibiotic, patapita masiku atatu anayambanso kutizindikira tonse ndi maina. Asisitawo ndi amene anandifotokozera kuti munthu wokalamba akadwala sakhala ngati ife, matenda a mchikhodzodzo kapena chibayo kapena kuchepa madzi mthupi nthawi zambiri sizibwera ndi kutentha thupi ayi, zimabwera ndi kusokonezeka mutu mwadzidzidzi, achipatala amati delirium, ndipo ukachiza chimene chayambitsa munthu amabwerera. Ludzu lenilenilo nkhalamba salimva msanga, ukamadikira kuti apemphe yekha nde kuti wachedwa kale. Ndinawafunsa kuti zimenezi munaphunzira kusukulu? Anati pang'ono chabe mwana wanga, zambiri ndaphunzira pa ward pano ndi kwa amayi anga omwe ndinawadwazika zaka zinayi.

Mau amenewo ndi amene andilembetsa. Sizoona kuti moyo wa agogo anga udalire mwayi woti usiku umenewo kunalowa munthu amene anadwazikapo mayi ake.

Sindikunyoza manesi athu, ndipo wina asabwere kudzawatukwana apa. Unesi wa muno ndi wa zaka zitatu zathunthu, ana amakhetsa thukuta, ndipo akanakhala osadziwa ntchito bwenzi Britain, Ireland ndi Australia sakuwalimbirana chonchi, mpaka mu 2023 a WHO anaika Zimbabwe pa mndandanda wa maiko amene achepekedwa kwambiri ogwira ntchito zachipatala. Otsalawo nesi mmodzi akuyang'ana mabedi angati usiku, malipiro ake ndi omwe aja tonse timawadziwa. Komanso ndikumvetsa chifukwa chake maphunziro anatsamira kumene anatsamira, dziko lino linali kulimbana ndi imfa za amayi pobereka, ana, Edzi, TB, kolera ya 2008, okalamba anali ochepa ndipo ankati abale awasamala kumudzi. Koma ma ARV anabwera, anthu akukhala moyo, amene anayamba kumwa ali ndi zaka 40 pano ndi azigogo, ndipo ukalowa mu ward ya achikulire lero mabedi ambiri ndi BP, shuga, sitiroko, mtima, kuthyoka chiuno. Manesi a uzamba ndawaona, a ku theatre, a ICU, a matenda a misala ndawaona, onse amanyadira kuti ndinakaonjezera maphunziro akutiakuti. Wonyadira kuti ine ndinaonjezera za okalamba ndikumufunabe.

Ndipo zimene ndikupemphazi sizofuna makina odula. Chilonda chimene agogo anatuluka nacho pachidendene ndi china pamwamba pa matako, ma bed sore aja, chimayamba ngati kamalo kofiira kapena kakuda chabe, pakhungu lathu lakudali sichioneka msanga, umafunika kukhudza ndi dzanja kumva ngati patentha kapena palimba. Mankhwala ake oyamba ndi kumutembenuza munthu maola awiri aliwonse, kuika pilo pansi pa miyendo kuti zidendene zilendewere, kusamusiya pa nsalu yonyowa. Wa sitiroko sumumwetsa atagona chagada, umamukhazika tsonga, pang'onopang'ono, apo ayi phala limalowera kumapapo nkubwera chibayo. Mapiritsi a BP ena amakodzetsa, ukampatsa madzulo nkhalamba idzuka mumdima katatu, agogo anga anagwa chonchotu, ena amachititsa chizungulire akaimirira msanga. Wa shuga amene wasiya kudya koma mapiritsi akumwabe, shuga amatsika nkuyamba kubwebweta anthu nkumati wapenga. Wosamva bwino sumukuwira kukhutu, umaima kutsogolo kwake aone milomo yako. Zimenezi mwana wa sukulu ya unesi aziphunzira ngati phunziro lake palokha, lokhala ndi mayeso ake, ndipo azikakhala masabata angapo kumalo osungira okalamba ngati mmene amakhalira ku maternity, azikawasambitsa, kuwadyetsa, kucheza nawo mpaka adziwe kuti ameneyu ndi munthu amene anali ndi ntchito yake, akazi ake, nyimbo zake. A Nurses Council of Zimbabwe ndi a unduna wa zaumoyo ndi amene ali ndi mphamvu pa zimenezi, ndikuwapempha ndi mtima onse.

Chimene chimandiwawa kwambiri nchakuti luso limeneli mu Harare muno ladzadza, kungoti tinaliphunzirira azigogo a eni. Kumbukirani 2022, Britain itatsegula visa ya ma care worker, osamalira okalamba ndi odwala, mu February, mizere imene inali ku Red Cross ndi ku St John, aphunzitsi, a ku banki, amuna akuluakulu onse kufuna satifiketi ya nurse aide. Mwana wa azakhali anga anapita nawo ali ku Leicester, ndipo ndi iyeyo amene ankandiphunzitsa pa video ya WhatsApp pakati pa usiku, akuti pindani bondo ili, dzanja lanu lilowe paphewa, linalo pachiuno, musakoke mkono, lembani pa pepala makapu amene amwa lero. Amadziwa zonsezo chifukwa kumeneko amamuphunzitsa mobwerezabwereza ndipo akalakwitsa amafunsidwa. Sindimuda kuti anapita, ndalama zogulira mapampasi ndi mabandeji zimachokera kwa iye yemweyo. Koma mu March 2024 a boma la Britain analetsa ma care worker kutenga ana ndi akunyumba, July 2025 anatseka khomo lolemba ma care worker ochokera kunja, nde pano ku Mufakose, ku Dzivarasekwa, ku Epworth kuli anyamata ndi atsikana ambirimbiri satifiketi ili mu sutikesi akugulitsa airtime, pamene nyumba yoyandikana nayo muli gogo amene wagonera mbali imodzi kuyambira mmawa chifukwa ana onse apita kukasaka. Bwanji osawatenga amenewa, kuwaonjezera maphunziro pang'ono, kuwaika pansi pa nesi wa pa kiliniki ya khonsolo kuti aziyendera makomo?

Ifeyo a Chinyanja nkhaniyi ikutikhudza kawiri. Mnzathu wa Chishona akakalamba ali ndi kumusha kwake, ku Murehwa kaya ku Gutu, kuli azibale. Azigogo athu kumudzi kwawo ndi kuti? Ku Dedza anachokako zaka zoposa 60 zapitazo, amene ankawadziwa anatha, munda anagawana ena. Ena anachotsedwa m'mafamu kuyambira 2000, ena tinyumba tawo tinagwetsedwa pa Murambatsvina mu 2005, penshoni imene anaikhetsera thukuta inasanduka mapepala mu 2008. Mukapite kumalo osungira okalamba, ku SODA ku Highfield kapena ku Bumhudzo ku Chitungwiza, mukafunse maina, a Phiri, a Banda, a Mwale simukawasowa. Ndipo matenda oiwala aja a dementia akamakula, chiyankhulo chimene munthu anaphunzira atakula chimayamba kuthawa, chimatsala ndi chimene anayamwira. Nde taganizani mkulu amene Chishona chamuchokera, watsala ndi Chichewa kaya Chiyao kaya Chisena, ali pakati pa anthu abwino koma osamumva. Sindikuti nesi aliyense aphunzire Chichewa chonse ayi, koma pomugoneka munthu pafomu pakhale funso lakuti chiyankhulo chake choyamba nchiti, ndipo mau khumi okha, madzi, ludzu, njala, kupweteka, kuzizira, kukodza, atha kukhala pa kapepala pakhoma. Malamulo a dziko lino a 2013 anaika Chichewa pa ziyankhulo 16 zovomerezeka, amati Chewa, choyambirira penipeni pa mndandandawo. Malamulo omwewo pa gawo 82 akuti munthu wopitirira zaka 70 ali ndi ufulu wosamalidwa ndi abale ake komanso boma ndi kulandira chithandizo cha mankhwala, palinso Older Persons Act ya 2012. Zolemba zilipo, chofunika nchoti zifike pabedi.

Nafenso tisadzichotse. Ndi ife tomwe timati gogo akayamba kuyenda usiku, kuitana anthu amene anamwalira kale, kuvula pagulu, timayamba kunong'onezana kuti ndi mfiti, akuulula amene anawadya. Kumudzi ku Malawi nkhalamba zaphedwa ndi anthu chifukwa cha mau amenewa, timamva pa wailesi chaka ndi chaka. Ndi matenda a ubongo abale, ndipo nesi wophunzitsidwa bwino ndi amene angakhazike banja pansi nkulifotokozera lisanathamangire kwa sing'anga kapena kwa mneneri. Komanso taonani mmene tilili okonzeka pa maliro, ma burial society athu ndi olimba kuposa a wina aliyense, bokosi, basi, nkhuni, ufa, zonse zimatheka tsiku limodzi, amayi a Chigwirizano amagona pasiwa kuimba usiku onse. Koma munthu yemweyo ali moyo, miyezi isanu ali gone, amamutembenuza ndani? Mpongozi mmodzi yekha mpaka msana kuthyoka. A Island Hospice, amene anayamba muno mu Harare mu 1979 ndipo ndi oyamba mu Africa muno pa ntchito yosamalira odwala kwakayakaya, akhala akuphunzitsa anthu wamba kusamalira odwala pakhomo, nanga ife kumipingo kwathu ndi kumizikiti tinayamba taitanapo nesi kuti Loweruka limodzi atiphunzitse kusambitsa munthu pabedi?

Agogo ali kunyumba pano. Sayenda, chapamatako chinapola koma chapachidendene chikadalipo, ndimachitsuka ndi saline mmawa uliwonse ndisanakwere kombi. Chishona chinabwerera pang'ono, koma kukamada amayankhula Chichewa chokhachokha, amandiitana dzina la mlongo wawo amene anamusiya ku Dedza ali kamtsikana, amandifunsa ngati mbuzi zalowa mkhola. Poyamba ndinkawakonza kuti ayi agogo ndine mdzukulu wanu, kuno ndi ku Mabvuku, nde ankakhumudwa mpaka kukana kudya. Mwana wa azakhali uja anandiuza kuti ndisiye kulimbana nawo. Pano ndimangoti zalowa zonse achimwene, ndatseka, imwani madzi mugone, ndipo amamwa kapu yonse.

Loweruka likubwerali tikumana kwathu masana, asisita aja avomera kubwera pa off yawo kudzationetsa katembenuzidwe ndi kadyetsedwe, amayi anayi a mumsewu mwathu anena kale kuti abwera. Amene muli ndi wodwala wachikulire pakhomo mbali ya Mabvuku ndi Tafara ndilembereni ku inbox, mubwere ndi pilo ndi thawulo.