Musanamizire sola, manja anu ndiwo olakwa

Zandifika m'makutu sabata yomwe ino kuti batire laphulika m'nyumba ina, asidi wamuwotcha mwana pamkono, denga la udzu lapsa mbali imodzi. Taonani tsopano mudzi wonse ukuimba nyimbo imodzi: akuti sola ndi yoopsa, akuti ndi magetsi a masanje, ife tidikira a ESCOM basi. Koma abale inu, mwatani kodi?

Omwe anakaona akuti panelo anailumikiza molunjika ku batire la galimoto, kontirola (kachipangizo koletsa batire kudzadza mopyola muyeso) palibe, fyuzi palibe, mawaya ongopota ndi zala n'kukulunga ndi jumbo. Batirelo amalisunga kunsi kwa bedi. Ndiye mlandu ukhale wa dzuwa?

Panelo yomwe mumaitcha ya 12V, dzuwa likafika paliwombo imatulutsa 18V, mwinanso kupyola 20V. Batire silifuna zopitirira 14.4V. Mukachotsa kontirola pofuna kupulumutsa timakobidi, madzi a m'batire amabwata n'kumatulutsa mpweya wosachedwa kuyaka, ndipo waya wogwedera akangothetheka kamodzi, basi zatha. Polumikiza mumayamba batire ku kontirola, panelo pambuyo. Fyuzi imakhala pafupi ndi mutu wa + wa batire. Ndani sanamvepo zimenezi?

Madzi akaphwa mukuthiramo a pachitsime, pomwe a batire a m'botolo ali mbwee m'magolosale. Batire la 100Ah muyenera kulitapa theka lokha, koma inu mukulikama mpaka babu kuzima lokha, chaka chisanathe lafa, mwayamba kutukwana wogulitsa. Wina wagula inveta yaikulu, yosandutsa magetsi a batire kukhala ngati a ESCOM, natsomekapo ayironi ya mawati 1,000. Ayironi! Kumbali ya batire ikukoka maampu opitirira 80 kudzera pa kawaya ka wailesi. Kalekerenji kusungunuka? Panelo nayo mwaigoneka chagada pamalata otentha, fumbi la mu Okutobala lili tho, osapukutako. Kuno kwathu panelo imayang'ana kumpoto, yopendekeka pang'ono, mphepo izidutsa pansi pake.

Nanga magetsi a madzi omwe mukuwadyolera malovuwo mukuwasamala? Nkula, Tedzani ndi Kapichira zonse zili pa mtsinje umodzi wa Shire. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mwaiwala kale mdima uja? Chonsecho khasu lanu likufikabe pagombe penipeni pa mtsinje, mitengo ya ku Neno ndi ku Balaka ikuthera m'matumba a makala, matope ndi namasupuni n'kumakatsamwitsa makina a EGENCO. Magetsi akathima, oyamba kulalata ndinu nomwe. Ndipo sola mukuinyozayo ili kale m'mawaya a ESCOM omwewo: mamegawati 60 ochokera ku Nanjoka ku Salima kuyambira 2021, enanso 20 a ku Golomoti komwe kuli ndi mabatire osungira. Foni mukutukwanirapo dzuwayo mwina yadzadza ndi dzuwa lomwelo.

Jenereta yokha ndiyo simuinena, poti imalira mokweza, anthu apafupi adziwe kuti muli nazo. Mukuilizira m'chipinda kuopa akuba, mawindo otseka, ana ali gone. Poizoni wa mu utsi wake sanunkha, amangokugonetsani tulo tosadzuka nato. Ena mukuitsomeka pa soketi ya pakhoma osathimitsa swichi yaikulu ya nyumba, moto n'kubwerera ku mapolo. Mwana wa mnzanu yemwe wakwera polo kukonza waya, akuganiza kuti chingwe n'chozima, akuferani chiyani?

Itanani wodziwa ntchito mumulipire. Mukakana, yatsani koloboyi mukhale chete.