Inu mukugulitsa mbuzi chifukwa cha timapepala ta Ajeremani, tamverani

Ana anga a kuno ku Mulanje, makamaka a ku Limbuli ndi ku Muloza, ndatopa nazo. Anyamata akugulitsa mbuzi, ena kupinyolitsa munda, kuti agule timapepala takale tolembedwa Chijeremani, ati azungu adzatigula mamiliyoni. Mdzukulu wa mchemwali wanga wagulitsa njinga yake ya kabaza. Pano akuyenda wapansi, kapepalako kali phee m'Baibulo.

Bwanji osayamba mwafunsa kuti ndalamazi zidachokera kuti? Nkhondo yoyamba ya padziko lonse itabuka mu 1914, anthu ku Germany adabisa makobidi, chenje n'kusowa m'misika. Makhonsolo a matauni, ngakhale makampani, adayamba kusindikiza ndalama zongogwirizira zotchedwa Notgeld, zogwira ntchito m'tauni momwemo basi. Zili ngati khonsolo ya Thyolo itulutse ndalama yake, iwe ufike nayo pa Chitakale, wogulitsa nanazi akuseke. Nkhondo itatha, matauni adaona kuti anthu akukopeka ndi zithunzi zake, ndiye adasindikiza mulu wongogulitsa kwa osunga zakale. Chinthu chochuluka chonchi chingadule bwanji? Musanamizidwenso ndi maziro. Ndalama ya ku Germany, yotchedwa maki, idagwa mphamvu moti mu Novembala 1923 dola imodzi inkasinthidwa ndi mamaki 4.2 thililiyoni. Zambiri mwa izo lero sizifika ngakhale pa mtengo wa nkhuku.

Za marupiya, ndalama za Ajeremani a ku Tanganyika, ndiye mwapenga nazo kwambiri, mpaka kumati zili ndi mankhwala. Mankhwala ake ati? Zombo za Angerezi zitatseka nyanja, Ajeremani a ku Tanganyika sankalandiranso ndalama kuchokera kwawo. Kuyambira 1915 adadzisindikizira pa pepala lililonse limene apeza, ndipo pofika 1917, akuthawa m'tchire, ankadinda ndi zidindo za labala zoseweretsa ana. Ndalama yotere, mnyamata wa kompyuta ndi printa angalephere kuikopera? Akaiviika m'tiyi wathu yemweyu, n'kuiyanika padzuwa, imaoneka ya zaka 100.

Inunso amene mukuotcha mapepala a m'sutikesi ya agogo posesa m'nyumba, manyazi akugwireni. Makolo athu ambiri adapita kunkhondo imeneyo ngati asilikali a KAR (King's African Rifles, gulu la nkhondo la Angerezi), ena ngati amtengatenga, atasenza katundu pamutu, choncho timapepala teniteni tingapezeke m'masutikesi awo. Mukapeza kapepala kotere musakamate ndi selotepi, musakapinde. Kaikeni mu envelopu pouma, mupite nako ku nyumba yosungira zakale ku Chichiri akakaone odziwa.