Mafuta a mkaka: tisamangofunsa kuchuluka kwake

Nkhani iyi imandipweteka mtima. Tikamva kuti mkaka wayezedwa ku labotale ndipo mafuta ake ndi okwanira, mtima umakhala m'malo. Koma mafutawo ndi a chiyani? Funso limeneli ndi lomwe ambiri salifunsa.

Njira zoyezera kuchuluka kwa mafuta mu mkaka, ya Babcock ya mu 1890 ndi ya Gerber ya mu 1892, zimagwirabe ntchito mpaka lero, ndipo sindikuzinyoza. Amathira asidi wa sulfuric mu mkaka, n'kuuzunguza pa makina, mafuta n'kukwera m'khosi mwa kabotolo ka mizere, woyeza n'kuwerenga mlingo. Zathera pomwepo. Wachinyengo akachotsa kirimu n'kuthiramo mafuta a kanjedza otchipa, mlingo uja umatuluka bwinobwino, kabotolo sikadziwa kuti kanamizidwa.

Chomwe chimaulula wakubayo ndi chibadwa cha mafutawo. Mafuta a mkaka wa ng'ombe ali ndi asidi wotchedwa butyric, amene mafuta a zomera alibe. Muyeso wa Reichert-Meissl umafufuza asidi wa mtundu umenewu: batala weniweni nthawi zambiri amapereka nambala yopitirira 24, pomwe mafuta ambiri a zomera safika ngakhale pa 2. Palinso njira yoyang'ana ma sterol, tinthu tachilengedwe topezeka pang'ono m'mafuta, tomwe timasiyana pakati pa nyama ndi zomera. Mafuta a nyama amakhala ndi cholesterol, a zomera amakhala ndi beta-sitosterol, choncho beta-sitosterol akapezeka wambiri mu batala, palibe chokana.

Vuto lalikulu limabwera akathiramo mafuta a nyama, monga a ng'ombe yophedwa kapena a nkhumba. Amenewa alinso ndi cholesterol, ndiye njira ya ma sterol imangodutsa osaona kanthu. Apa pamafunika makina a gas chromatography, olekanitsa ndi kuyeza ma triglyceride (tizigawo tomwe timapanga mafuta), monga momwe muyezo wa padziko lonse wa ISO 17678 umafotokozera. Makinawa ndi okwera mtengo, amafunanso munthu wodziwa kuwerenga zotsatira zake, koma ine ndikuti labotale yoyeza mkaka yopanda njira imeneyi ikuyenda ndi diso limodzi.

Ndipo tisaiwale mlimi wachilungamo. Chakudya cha ng'ombe chimasintha mafuta a mkaka wake. Yodyetsedwa kwambiri njere za thonje imatha kupereka nambala ya Reichert-Meissl yotsika popanda wina kuthiramo kanthu. Kumugamula mlimi wotere ndi muyeso umodzi wokha n'kumulakwira, ayezenso ndi njira yachiwiri asanamutche wakuba.