Maganizo anga pa kasankhidwe ka mandolini ya magetsi yotsika mtengo

Kwa zaka zingapo tsopano ndakhala ndikuimba mandolini m'gulu lathu laling'ono kuno ku Salima, makamaka pa maukwati, pa zinkhoswe ndiponso m'malo ogona alendo a ku Senga Bay, ndipo achinyamata amene amaimba kale banjo kapena gitala amandifunsa kawirikawiri kuti agule mandolini yotani ndi ndalama zochepa zimene asonkhanitsa. Yankho langa limawadabwitsa, chifukwa sindiyamba ndi dzina la kampani kapena kukongola kwa chidacho. Pa nsanja anthu samva thabwa la mandolini yanu, koma amamva zimene pickup, kachipangizo kotola mawu a chidacho, yatola ndi kutumiza ku masipika. Munthu wa ndalama zochepa ayenera kuziika pa pickup, pa khosi la chidacho ndi pa zokungira nsambo, ndipo zina zonse zibwere pambuyo.

Mandolini wamba ili ndi nsambo 8 zokhala ziwiriziwiri, ndipo zimatchunidwa pa G, D, A ndi E monga vayolini. Gawo la nsambo limene limalira ndi lalifupi, pafupifupi masentimita 35, choncho mawu ake ndi okwera, akuthwa, ndipo amatha msanga mukangokhwatcha. Khutu la Mmalawi siliona mawuwa achilendo, popeza tidakula tikumva banjo za zitini m'misika ndi pa wailesi, ndipo ndikhulupirira kuti n'chifukwa chake anthu amatembenuka msanga mandolini ikalowa m'nyimbo. Vuto lake ndi lakuti pakhonde madzulo imamveka bwino kwambiri, koma ikangokhala pakati pa ng'oma, besi ndi kiyibodi, imamira osamvekanso, ndipo apa ndi pamene nkhani ya magetsi imayambira.

Mandolini yanga yoyamba ndidaigula chifukwa cha maonekedwe. Inali yopiringizika bwino paphewa, yonyezimira, ndipo pansi pa buriji, kathabwa kamene nsambo zimatsamirapo, inali ndi pickup ya mtundu wa piezo, imene imatola kunjenjemera kwa thabwa. Tsiku loyamba kuigwiritsa ntchito linali la ukwati mu holo ina pafupi ndi pa Kamuzu Road, holo ya malata ndi simenti yokhayokha. Ndidalumikiza chingwe changa molunjika ku mikisa, ndipo mawu amene adatuluka anali opyapyala ngati munthu akukanda chitini ndi msomali. Titakweza kuti ndimveke pamwamba pa ng'oma, masipika adayamba kulira mokweza mpaka amayi amene ankavina pelekanipelekani adatseka makutu ndi manja, ndipo mnyamata wa pa mikisa adanditsitsiratu. Ndidaimba mpaka madzulo zala zikuwawa, koma palibe adamva kanthu. Zimenezi zidandipweteka mtima kwambiri, chifukwa eni ukwati adali atatilipira ndipo nyimbo imene mkwatibwi adaipempha inali yodalira mandoliniyo.

Pambuyo pake ndidamvetsa kuti panali zifukwa ziwiri. Choyamba, piezo yopanda batire siigwirizana ndi khomo wamba la mikisa, ndipo ikalumikizidwa molunjika imataya mawu apansi n'kutsala ndi okanda okhaokha. Imafuna kabokosi kapakati, preamp kapena DI box ya mtundu wa active, kamene kamalandira mawu ofookawo ndi kuwapereka ku mikisa ali athunthu. Chachiwiri, thupi la mandolini yamphako lili ngati kang'oma kakang'ono. Mawu ochokera m'sipika akaligunda limanjenjemera, piezo imatola kunjenjemerako n'kukubwezera ku sipika, ndipo zimazungulira choncho mpaka kusanduka kulira kuja. Holo za malata ndi simenti, zimene ndi zambiri kuno kwathu, zimabweza mawu kwambiri ndipo zimakulitsa vutoli. Wogulitsa sadandiuze chilichonse mwa izi, ndipo mtengo wa kabokosiko sudali m'mawerengero anga.

Kupiringizika kuja kumene kudandikopa n'kwa mtundu wotchedwa F, umene udatchuka ndi Gibson F-5 ya m'chaka cha 1922, yopangidwa pa nthawi ya katswiri wokonza zida zoimbira Lloyd Loar ku Kalamazoo m'dziko la America. Mtundu winawo, wotchedwa A, ndi wosalala ngati dontho la madzi. Kusema kupiringizikako kumadya nthawi ndi ntchito, koma pa nsanja sikuwonjezera mawu alionse, choncho mandolini ziwiri zikakhala pa mtengo umodzi, nthawi zambiri ya A ndi imene ili ndi zipangizo zabwinopo. Wina aliyense wa ndalama zochepa ndimamuuza kuti atenge A mosakayika.

Pickup imene ndimaikhulupirira pa nsanja zathu ndi ya maginito, yofanana ndi ya gitala ya magetsi. Iyo imamva kugwedezeka kwa nsambo zachitsulo m'malo momva thabwa, choncho imalola kukweza mawu patali kulira kusanayambe, ndipo imalowa mu ampulifaya ya gitala popanda kabokosi kapakati. Zitsanzo zotsika mtengo zilipo, monga Ibanez M510E ndi Fender FM-52E, zonse ziwiri za mtundu wa A zamphako zokhala ndi pickup ya maginito komanso mabatani a voliyumu ndi toni pathupi pomwepo. Mabatani amenewa ndi ofunika kuposa mmene anthu amaganizira, chifukwa woimba mandolini angathe kudzitsitsa yekha pamene woimba ndi pakamwa akulowa, osadikira wa pa mikisa amene mwina wapita kukaona jenereta.

Palinso mandolini zopanda mphako, za thabwa logwirana ngati gitala ya lidi. Fender idatulutsa yake m'chaka cha 1956, ya nsambo 4 zokha, ndipo idapitiriza kuipanga mpaka 1976, pamene masiku ano kuli zina monga Epiphone Mandobird ndi Eastwood Mandocaster. Ku India, malemu U. Srinivas, amene adamwalira mu 2014, adaimba nyimbo za chikhalidwe cha kummwera kwa dzikolo pa mandolini ya magetsi ya nsambo 5 zosakhala ziwiriziwiri, ndipo aliyense wofuna kumva kutalika kumene chidachi chingafike ayenera kumumvetsera. Kwa bandi yaphokoso, ya ng'oma zathunthu ndi besi yolemera, mandolini yopanda mphako ndiyo yosavutitsa kuposa zonse. Komabe ine sindiikonda ya nsambo 4, chifukwa kukoma kwa mandolini kuli m'nsambo ziwiri zolirira pamodzi, makamaka pamene dzanja likunjenjemeretsa piki yokhwatchira nsambo mofulumira, ndipo zikachoka zimenezo chotsala chimamveka ngati gitala ya lidi yoimbidwa kumapeto kwa khosi. Ngati bandi yanu ili kale ndi wa lidi, mwagula chinthu chimene muli nacho kale. Vuto lina ndi lakuti magetsi akathima, monga achitira kawirikawiri pakati pa mwambo, yopanda mphako imakhala chete, pamene yamphako ingathe kupitiriza ndi ng'oma imodzi ndi mawu a pakamwa mpaka jenereta italira.

Ndiyenera kunena chilungamo kuti pickup ya maginito ili ndi zovuta zake. Mawu ake amapendekera ku gitala ndipo amataya pang'ono kununkhira kwa thabwa. Zotsika mtengo zambiri ndi za mtundu wotchedwa single coil, zimene zimatola kung'ung'uza kwa magetsi, makamaka pamene zida zonse zalumikizidwa ku jenereta kudzera m'chingwe chimodzi chopanda waya wa ethi, kapena pamene mwaima pafupi ndi nyale za pa nsanja. Chingwe chabwino ndi chachifupi chimachepetsa vutoli, ndipo nthawi zina kungotembenuka pang'ono pamene mwaima kumathandiza. Kwa amene amaimba m'tchalitchi ndi kwaya kapena pa malo abata a m'mbali mwa nyanja, kumene ng'oma sizikhala zaukali, piezo yokhala ndi preamp yabwino imamveka mwachilengedwe kuposa maginito, ndipo sindingawaletse kuisankha.

Nkhani ya nsambo ndi imene anthu amaiwala, koma kuno kunyanja ndiyo imadya ndalama mwakachetechete. Nsambo zambiri za mandolini zimakulungidwa ndi bronze, chitsulo chimene maginito sachimva, choncho pa pickup ya maginito nsambo za G ndi D zimamveka motsika pamene za A ndi E zikuboola makutu. Zokulungidwa ndi nickel zimafananitsa mawu onse. Komanso nsambo za mandolini zambiri zimathera ndi kalupu kokoleka pa kambedza, osati kampira kachitsulo ngati za gitala, choncho simungangolowa m'sitolo iliyonse n'kutenga za gitala. Kuno ku Salima sindidazipezepo, ndipo ulendo wa ku Lilongwe, wa makilomita pafupifupi 100, sutsimikiza kuti mukazipeza tsiku lomwelo. Chinyezi cha nyanja ndi thukuta la mwezi wa Okutobala zimachititsa dzimbiri m'masabata ochepa, ndipo nsambo ya E, imene ndi yopyapyala ndi yokungika kwambiri, imaduka pomwe payamba dzimbiripo. Ine ndimapukuta nsambo iliyonse ndi kansalu kouma, pamwamba ndi pansi pomwe, ndikangotsika pa nsanja, ndipo ndimalangiza kuti tsiku logula mandolini mugulirenso mapaketi atatu a nsambo. Waya wa mabuleki a njinga adatithandiza pa banjo zathu za ubwana, koma pa mandolini amakumba mafureti, tizitsulo topingasa pakhosi la chidacho.

Nsambo 8 zokungika chonchi zimakoka khosi ndi mphamvu yaikulu, ndipo kutentha kwathu kumathandizira kulipinda. Pa chifukwa chimenechi sindingagule mandolini yopanda truss rod, chitsulo cha mkati mwa khosi chimene chimapotokoledwa kuti liwongoke, ndipo zina zotsika mtengo kwambiri zilibe. Mukaigwira m'manja, iyang'aneni kuchokera kumutu ngati mmene mmisiri ayang'anira thabwa, muone ngati khosi lawongoka. Kenaka imbani nsambo yosagwira, muigwirenso pa fureti ya 12, ndipo mawu awiriwa ayenera kukhala amodzi, lina pansi lina pamwamba. Akasiyana pang'ono musachite mantha, chifukwa buriji ya mandolini siimatidwa, imangopanikizidwa ndi nsambo, ndipo ingasunthidwe kutsogolo kapena kumbuyo, pamene timawilo take tiwiri timakweza kapena kutsitsa nsambo. Zokungira nsambo ndizo sizikhululuka. Zikakhala zoterereka, nsambo ziwiri za pamodzi zimasiyana pakati pa nyimbo, ndipo sipika imakulitsa kusiyanako kuti aliyense amve. Tchunani, imbani mwamphamvu kwa mphindi zisanu, kenaka muonenso pa tyuna, kachipangizo koyezera katchunidwe ka nsambo.

Za mtengo, zimene ndazitchulazi zimagulitsidwa kunja pa madola mazana ochepa, koma chiyambire kutsika mphamvu kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imeneyi ndi yolemera kwa woimba wa pa maukwati, ndipo pamwamba pake pamabwera mtengo wotumizira ndi msonkho wa pa chipata. Ambiri timadalira achibale a ku Johannesburg kapena kugula yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo palibe cholakwika pamenepo, bola wogulayo atumize kanema wa chidacho chikulira mu ampulifaya, akutembenuza mabatani onse ndi kugwedeza chingwe polowera kuti mumve ngati pali kuthetheka. Aonenso ngati thabwa la pamwamba silidalowe pansi pa buriji, chifukwa limenelo ndi vuto lovuta kulikonza. Ngati mukuitanitsanso preamp kapena ampulifaya kuchokera ku America, kumbukirani kuti magetsi awo ndi mavoti 120 pamene athu ndi 230, ndipo ine ndimakonda preamp ya batire ya mavoti 9 chifukwa siikhudzidwa ndi kukwera ndi kutsika kwa jenereta.

Pa ndalama zonse zimene muli nazo, musapereke zoposa magawo atatu mwa anayi ku mandolini yeniyeniyo. Gawo lotsalalo ndi la nsambo, zingwe ziwiri, tyuna yopana kumutu, lamba, ndi chikwama cholimba, pakuti chidachi chidzayenda pa kabaza, pa minibasi ya mu msewu wa M5 ndi kumbuyo kwa lole pamodzi ndi masipika. Loweruka likudzali tili ndi chinkhoswe ku Nkhotakota, ndipo mnyamata wina amene wangolandira mandolini yake ya A kuchokera kwa amalume ake tamupempha kuti afike masana, kuti tiiyese ng'oma ndi besi zikulira pa mlingo weniweni alendo asanayambe kulowa.